Ma ranking a ma running back akundiluzitsa, ndiwakhulupirirebe?

Uthengawu wachokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Indiana ku America. Ukukhudza fantasy football, masewera amene umasankha osewera enieni a ligi ya NFL nkumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, makamaka ma running back, osewera amene amapatsidwa mpira kuti athamange nawo. Ndangoufupikitsako pang'ono:

"Akulu, anzanga akuntchito anandilowetsa mu ligi yawo ya fantasy football ya NFL chaka chino, tilimo anthu 12 pa Yahoo. Mpira wa ku America ndayamba kuumva ndithu koma ma running back akundizunguza mutu. Sabata iliyonse ndimatsegula ma ranking nkuika amene ali pamwamba, koma ndikungoluzabe. Sabata yathayi ndinaika wa nambala 14 anandipatsa mapointi 6 okha, wa nambala 23 amene ndinamusiya pa benchi anamenya 25, ndipo ndinaluza ndi mapointi 9. Komanso ndikatsegula masamba atatu osiyana, munthu yemweyo pena ali nambala 11 pena 20. Kodi anthuwa amadziwadi zimene akulemba kapena amangolota? Ndiwasiye ndizingoyendera maganizo anga?"

Achimwene, mtima pansi kaye. Dandaulo lanuli ndimalimva sizoni iliyonse, ngakhale kwa anthu oti akhala akusewera zaka zambiri, ndipo silikusonyeza kuti masewerawa akukukanikani kapena kuti olemba ma ranking ndi akamberembere ayi. Musawataye. Chimene chikufunika nchoti mudziwe kuti nambala ija ikunena chani komanso ikubisa chani, ndipo chachikulu chimene imabisa ndi ntchito imene munthuyo amapatsidwa mu timu yake. Ndifotokoza motalikirapo chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Wolemba ranking amakhala pansi nkuyerekeza kuti uyu apatsidwa mpira kangati kuti athamange nawo, aponyeredwa kangati, apeza mayadi angati, ndipo chansi yoti agoletse touchdown ndi yaikulu bwanji. Akatero amapeza mapointi apakatikati amene akuyembekezera kwa aliyense, kenako nkuwandandalika kuyambira pamwamba. Nde vuto lake ndi ili, mndandanda umaonetsa ngati pakati pa nambala 14 ndi 23 pali mtunda, pomwe mukayang'ana mapointi amene anayerekezawo kawirikawiri amasiyana ndi awiri kapena atatu basi. Tsopano touchdown imodzi ndi mapointi 6. Munthu akangopeza mpata kamodzi nkuthamanga mayadi 60 mpaka kukagoletsa, ndi mapointi 12 pa sewero limodzi lokha, kusiyana konse kuja kwafufutika kale. Choncho wa nambala 23 kuposa wa nambala 14 si ngozi, zimachitika Lamulungu lililonse, mwina mukanawaseweretsa kakhumi wa 14 akanapambana kasanu ndi kamodzi winayo kanayi. Ranking yabwino imangokupatsani mbali yolemererako pang'ono, siikulonjezani kanthu.

Nchifukwa chake ine ndimakonda olemba amene amaika osewera m'magulu, ma tier aja, kusiyana ndi ongoika manambala. Kusiyana kwenikweni kuli pakati pa gulu ndi gulu. Amene ali mu top 5 simumuchotsa chifukwa choti wakumana ndi difensi yolimba, ameneyo ikani basi osaganiza kawiri. Koma kuyambira chapa 15 mpaka chapa 28 anthu amakhala othithikana kwambiri, ndipo mmenemo ndi mmene maganizo anu ali ndi malo. Pa FantasyPros amasonkhanitsa ma ranking a akatswiri ambiri nkupanga imodzi imene amaitcha ECR, ndipo pambali pa dzina amaonetsa nambala yapamwamba ndi yapansi imene munthuyo wapatsidwa. Ziwerengeni zimenezo. Ngati onse amuika pakati pa 12 ndi 16 ndiye kuti ntchito yake ikudziwika. Ngati wina wamuika 9 wina 30, dziwani kuti pali china chimene sichinamveke, kaya kuvulala kaya akugawana ntchito ndi mnzake, ndipo ntchito yanu ndi kukafufuza chimenecho.

Zoti masamba atatu akusiyana, chinthu choyamba kuona ndi kawerengedwe ka mapointi. Ligi ya pa Yahoo ngati mwini ligi sanasinthe kanthu imakhala half-PPR, kutanthauza kuti kuwakha pasi kulikonse ndi theka la pointi. ESPN imapereka pointi yathunthu, imeneyo ndiyo PPR, ndipo alipo maligi ena oti kuwakha sikupereka kanthu, standard. Anthu ambiri ongoyamba amatsegula ranking ya PPR pomwe ligi yawo si ya PPR, osadziwa kuti pamwamba pa tsamba pali kabatani kosinthira. Kusiyana kwake si kwamasewera. Mu 2022 Josh Jacobs wa Raiders anathamanga mayadi 1,653, kuposa aliyense mu ligi, pomwe Austin Ekeler wa Chargers anathamanga 915 okha koma anawakha mapasi 107. Pa PPR Ekeler anamaliza nambala wani pa ma running back onse, pa standard Jacobs anali pamwamba pake. Anthu omwewo, sizoni yomweyo. Ndiye lowani mu settings ya ligi yanu lero lomwe mutsimikize, musangomva za anzanu.

Tsopano pa ntchito paja. Running back sangapeze mapointi ali panja pa bwalo, ndipo sangawapeze ngati mpira sukumufika m'manja. Zikumveka zachidziwikire koma ambiri amayang'ana mapointi a sabata yatha mmalo moyang'ana mmene mapointiwo anabwerera. Ine ndisanakhulupirire nambala ya munthu aliyense ndimaona ma snap, kuti pa masewero onse amene timu yake inali ndi mpira iye analimo mu angati, kenako ma carry (kupatsidwa mpira kuti athamange nawo), kenako ma target (kuponyeredwa pasi), kenako amene amapatsidwa mpira timu ikafika mkati mwa mayadi 5 omaliza. Zonsezi zimapezeka mwaulere pofika Lachiwiri. Munthu wokhala m'bwalo ma snap 70 pa 100 aliwonse nkumagwira mpira ka 18 kapena 20 ali ngati wakabaza wa pa siteji yodzadza anthu, olo njinga yake ikhale yotha ndalama ya tsikulo aipeza ndithu, pomwe mnzake wa njinga yatsopano pa siteji yopanda anthu akudalira kasitomala mmodzi wopita kutali.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Rams mu sabata yoyamba ya 2023 ku Seattle. Aliyense ankadziwa kuti mwini malo ndi Cam Akers, ndipo mukangoona ma carry munganene kuti zinali zoona chifukwa anapatsidwa 22 pomwe Kyren Williams anapatsidwa 15. Koma Akers pa ma carry 22 amenewo anapeza mayadi 29 okha, ambiri mwa iwo gemu itatha kale akungothetsa nthawi, ndipo amene anakhala m'bwalo ma snap ambiri, makamaka pa masewero oponya, anali Williams, nagoletsanso kawiri. Amene anayang'ana ma snap anamutola Williams pa waiver, pamene amatolapo osewera opanda mwini, sabata yomweyo. Sabata yotsatira Akers sanavale nkomwe yunifomu, posakhalitsa anamugulitsa ku Vikings. Ma ranking amachedwa ndi sabata imodzi kapena awiri kuvomereza kusintha kotere chifukwa olemba nawo ndi anthu, dzina lotchuka limawavuta kulitsitsa msanga. Apa ndi pamene inu mungawapose.

Ma target musawapeputse, ndikubwerezanso. Mu ligi ngati yanuyi kuponyeredwa kumodzi kumalemera kuposa carry imodzi, chifukwa akawakha wapeza kale theka la pointi komanso mayadi a pasi amakhala ochulukirapo kuposa a carry wamba amene amazungulira chapa 4. Munthu wa ma carry 12 ndi ma target 6 ine ndimamuika patsogolo pa wa ma carry 17 wopanda target, pokhapokha winayo akhale mwini wake wa pa goal line, mzere wogoletsera uja, mu timu yogoletsa kwambiri.

Ma touchdown ndi amene amapusitsa anthu kwambiri. Jamaal Williams mu 2022 ku Detroit anagoletsa 17 othamanga, kuposa aliyense chaka chimenecho, ambiri a yadi imodzi kapena awiri. Chaka chotsatira atapita ku New Orleans anagoletsa imodzi sizoni yonse. Munthu yemweyo, chimene chinasintha ndi ntchito ndi timu. Komanso muziona ngati quarterback wake, amene amaponya mapasi, samulanda za pa mzere. Saquon Barkley wa Eagles mu 2024 anathamanga mayadi 2,005 koma ma touchdown othamanga anali ndi 13 pomwe quarterback wake Jalen Hurts anali ndi 14, chifukwa Eagles ikatsala yadi imodzi amangomukankha Hurts kumbuyo kuja. Barkley zimenezi sizinamupweteke kwenikweni chifukwa ndi Barkley, koma running back wamba mu timu yotereyi amataya mapointi ambiri mwakachetechete. Ndipo ziliko sabata zina zoti palibe ranking ikanaziona, ngati tsiku lija Miami inathira Denver 70 kwa 20 mu 2023, De'Von Achane wongolowa kumene mu ligi anathamanga mayadi 203 ndi ma touchdown 4 ali pa mabenchi a anthu kapena wopanda mwini nkomwe. Zoterezo mumangozilandira, kenako Lachiwiri muthamangire kukamutola.

Ndiye bwererani kwa mnyamata wanu wa mapointi 25 uja mukaone mmene anawapezera. Ngati anagwira mpira ka 9 kokha, nkuthamanga kamodzi kautali ndi kugoletsa kawiri, chisankho chanu chinali cholondola ndithu ngakhale munaluza, ndipo sabata ino ndingamusiyenso pa benchi pomwepo. Koma mukapeza kuti ma snap ake akhala akukwera masabata atatu otsatizana, nkugwira mpira ka 20, ma target 5, za pa goal line zonse zake, apo ndiye kuti ntchito yasintha ndipo ranking inatsalira m'mbuyo, muikeni osaopa. Chimodzimodzi wa mapointi 6 uja. Ngati anagwira ka 19 koma sizinayende, musamukwiyire, ntchito akadali nayo. Ngati anagwira ka 8 ndipo mnzake wayamba kumudyera ma snap, yambani kuda nkhawa.

Chinanso chimene olemba abwino amaikamo ndipo inu mutha kuchiona nokha ndi mmene gemu ikuyembekezeka kuyendera. Timu ikamatsogola imathamanga ndi mpira kuti nthawi ithe, ikamatsalira imaponya. Manambala a makampani obetchera a ku Las Vegas amathandiza apa, sindikuti mukabetche ayi, kungowerenga chabe. Mwachitsanzo akati mapointi onse a gemu akhala 48 ndipo timu ina ikuyembekezeka kupambana ndi 7, ndiye kuti akuiyerekeza chapa 27 ndi theka inayo 20 ndi theka. Running back wa timu yoyambayo ali ndi chansi yokulirapo ya touchdown komanso ma carry a kumapeto. Zimenezi zimakhudza kwambiri anthu a mtundu wa Derrick Henry, amene mu 2020 anathamanga mayadi 2,027 koma anawakha mapasi 19 okha sizoni yonse. Henry weniweniyo simumuchotsa, koma alipo ambiri osewera ngati iye opanda mphamvu zake, oti timu ikangotsalira ndi 14 amatuluka kulowa wowakha mapasi, inu nkumangoyang'ana foni mapointi osasuntha kota yonse yachinayi. Wowakha mapasi alibe vuto limeneli, timu itsogole itsalire iye ali momwemo.

Za difensi imene akukumana nayo, kaja kanambala kobiriwira kapena kofiira pambali pa dzina mu apu, ndikupempheni musakapatse ulemu wambiri makamaka mu September ndi kumayambiriro kwa October. Kamangowerengera mapointi amene difensiyo yapereka kwa ma running back, ndiye pa magemu atatu kapena anayi, ngati inakumana ndi akatswiri okhaokha ioneka yofooka pomwe ili bwinobwino. Komanso wolemba ranking anaiwerengera kale difensiyo poika nambala, inu mukaiwerengeranso ndiye kuti mwaiwerenga kawiri. Ine ndimaigwiritsa ntchito pongolekanitsa anthu awiri ofanana pa zina zonse. Bola kuona ngati offensive line ya timu yake, asanu omutchingira kutsogolo, ili yonse, chifukwa akavulala awiri mwa asanu aja mipata imatsekeka ndipo ma ranking ambiri sasintha mokwanira. Nyengo nayo anthu amaikokomeza, kamvula pang'ono kapena kuzizira sikusintha zambiri. Mphepo yamkuntho ndi imene imasintha, ngati gemu ya Patriots ku Buffalo mu December 2021 imene Mac Jones anaponya katatu kokha gemu yonse, koma zoterozo nzosowa.

Tsiku limene ranking inalembedwa ndi nkhani inanso yaikulu, ndipo ndikukayikira kuti mwina apa ndi pamene masamba anu atatu akusiyanirananso. Ranking ya Lachiwiri imalembedwa matimu asanayambe nkomwe ma practice. Kwa magemu a Lamulungu, matimu amatulutsa malipoti a ovulala Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, kuonetsa amene sanachite nawo practice, amene anachita pang'ono ndi amene anachita yonse, ndipo Lachisanu amalengeza kuti uyu ndi questionable (wokayikitsa), doubtful (wokayikitsa kwambiri) kapena out (sasewera). Wachikulire kupuma Lachitatu si nkhani, matimu ambiri amatero dala. Koma wosachita practice Lachinayi ndi Lachisanu, olo alembedwe questionable, mukonzekere kuti mwina sasewera kapena asewera theka. Mndandanda womaliza wa osasewera umatuluka mphindi 90 gemu isanayambe, ndiye kwa magemu a 1 koloko masana nthawi ya ku New York muzitsegula foni chapa 11:30 m'mawa, ikani alamu ngati mumakhala kutchalitchi nthawi imeneyo muzisuzumira mukangotuluka. Kwa amene akusewera fantasy ali kumudzi, magemu amenewa amayamba 7 koloko madzulo, kuyambira November 8 koloko. Ndipo samalani masabata amene kuli gemu ku London, imayamba 9:30 m'mawa nthawi ya ku New York, ambiri amadzuka atatsekeredwa kale.

Kumbukirani zimene zinachitika sabata yoyamba ya 2024. Christian McCaffrey amene anthu ambiri anamusankha koyambirira penipeni pa draft anali questionable, ma ranking ambiri anamusiya pamwamba, ndipo gemu ya 49ers inali Lolemba usiku ndi Jets, yomaliza sabata imeneyo. Patatsala ola ndi theka anangomva kuti sasewera. Amene analibe wina wa Lolemba anatenga ziro, amene anasunga wachiwiri wake Jordan Mason anasangalala chifukwa anapatsidwa ma carry 28 nathamanga mayadi 147 ndi touchdown. Phunzirani ziwiri pamenepa. Wokayikitsa amene akusewera mochedwa muikeni pa flex, malo amene amalola wosewera wa mitundu ingapo, osati pa malo a RB (running back), kuti akapanda kusewera muthe kulowetsa receiver kapena tight end aliyense wotsala, ndipo wosewera Lachinayi usiku musamuike pa flex, muikeni pa RB kuti flex ikhale yotseguka. Chachiwiri, mwini malo akavulala wachiwiri wake amalumpha malo ambiri nthawi imodzi, ngakhale atakhala wopanda dzina, bola ngati zikudziwika kuti ntchito yonse igwera iyeyo. Ndi zomwenso zinachitika ku Detroit David Montgomery atavulala bondo mu December 2024, Jahmyr Gibbs amene ankagawana naye anatsala yekha, gemu yomaliza ndi Minnesota anagoletsa kanayi.

Pamene awiri akufanana ndithu ndithu, yang'anani mdani wanu wa sabata imeneyo. Ngati apu ikuonetsa kuti mukuyembekezeka kupambana ndi mapointi 15, tengani wodalirika wogwira mpira kambiri amene sangakupatseni 3. Ngati inu ndi amene mukutsalira kwambiri, wodalirikayo sakupulumutsani, tengani wothamanga uja woti atha kukupatsani 4 kapena 28. Ranking singadziwe zimenezi chifukwa siidziwa ligi yanu.

Pa funso loti mukhulupirire ndani, musamuweruze wolemba ndi sabata imodzi, ndipo musamasinthesinthe kuti sabata ino uyu yamawa uyo kutsatira amene analondola komaliza. Sankhani mmodzi kapena awiri amene amafotokoza chifukwa chake, amene amatchula ma snap ndi ma target osati kungoti uyu ali pa fomu, komanso amene amakonzanso mndandanda wake Lamulungu m'mawa, muwaike pambali pa ECR. FantasyPros imayeza kulondola kwa akatswiri chaka chilichonse, mutha kuona amene amakhala chapamwamba zaka zingapo zotsatizana, chaka chimodzi chokha sichikwanira. Akasiyana ndi gulu pa munthu wanu, werengani chifukwa chake, ngati chikukhudza ntchito ya wosewerayo mvereni, ngati ndi kumva m'thupi chabe tsatirani gulu. Pa nkhani za kuvulala ndi zoti kochi akufuna kugwiritsa ntchito ndani, olemba ma ranking nawonso amadalira atolankhani amene amakhala ndi timu imodzi tsiku ndi tsiku, ndiye atsatireni atolankhani a matimu amene muli ndi osewera awo, mumva nkhani nthawi imodzi ndi akatswiriwo. Ngati pali lamulo la ligi limene simukulimvetsa, kaya ma waiver amayenda bwanji kaya malo a IR osungira ovulala, funsani commissioner wanu, mwini ligi uja, poyera pa gulu, si zamanyazi.

Chimodzi ndinene monga m'bale wanu. Ligi ya kuntchito ya kandalama kochepa ilibe vuto, koma ma apu obetchera ku America kuno ali paliponse ndipo amakoka anthu a fantasy kwambiri, makamaka amene angoyamba kuona ngati akuwadziwa manambala. Mukadzaona kuti mwayamba kuika ndalama yoti ikanapita ku lendi kapena kumudzi, kapena mukubisa kwa akunyumba, imbani 1-800-GAMBLER, ndi yaulere ndipo sakuweruzani.

Za sabata inoyi, musasankhe lero. Dikirani lipoti la Lachisanu, lembani papepala ma snap, ma carry, ma target ndi za pa goal line za anyamata awiriwo pa masabata atatu apitawa, muone timu imene ikuyembekezeka kugoletsa kwambiri, kenako mutsegule ranking ya half-PPR ya Lamulungu m'mawa. Ngati akusiyana ndi malo ochepera asanu tengani wa ntchito yambiri, ngati akusiyana ndi malo opitirira khumi ndipo simunapeze chifukwa chogwirika, tsatirani ranking. Mukakakamirabe nditumizireni mayina awo ndi manambalawo Loweruka tikaonere limodzi.